Kusiya kudikira sikupha ma task ayi aise

Aise zoti usiye kudikira ma task ambiri nthawi imodzizo mu Python samala (task ndi ntchito imene code imaithamangitsa limodzi ndi zinzake), ukaika timeout (malire a nthawi yodikira) pa asyncio.wait, function yodikirira ma task ija, iwe wangosiya kuwadikira koma iwo akugwirabe ntchito kumbuyo ngati palibe chachitika. Ine zinandionetsa zakuda. Tinali ndi ka service kotumiza ma SMS okumbutsa anthu za ngongole, ndinaika timeout ya masekondi 30 kuti zikachedwa tiyambirenso. Usiku wina netiweki inavuta, timeout inakwana, code inayambiranso, koma ma task oyamba aja anali amoyobe mu pending (gulu la ma task osamaliza limene asyncio.wait imabweza), retry yachiwiri chimodzimodzi, netiweki itabwerera onse anatumiza limodzi. Anthu analandira uthenga womwewo katatu cha m'ma 2 koloko usiku, wina mpaka anaimba kuti kodi mukufuna ndikugulitsireni nyumba. Foni yanga inayamba kulira kusanache, abwana akukalipa, ine ndili pa laputopu ndi kabudula wogonera manja akunjenjemera, ma log ndikuwayang'ana koma error ngakhale imodzi kulibe.

Ndinaika cancel() pa pending onse, anakanabe kufa! Kufufuza ndinapeza kuti mkulu amene anasiya code ija anaika except: yopanda dzina la error mkati mwa while loop kenako pass (yosachita kanthu), ndiye CancelledError, error imene cancel() imaponya mu task kuti ife, imangomezedwa loop n'kumapitirira. Kuyambira Python 3.8 except Exception siigwira CancelledError koma yopanda dzinayo imameza chilichonse. Munthuyo anachoka osasiya ngakhale ka comment, wotukwanidwa ndinali ine, ndipo pano akudzitcha senior kwinakwake, eish.

Ndiye iwe pending onse uwapange cancel, ukatero uwadikirenso ndi asyncio.gather (ina yodikirira ma task ambiri) yokhala ndi return_exceptions=True kuti ma error awo asakugwetse, poti cancel ndi pempho chabe, task imafa ikafika pa await, pamene imaima kudikira china. Ndipo gather nayo usaikhulupirire, imodzi ikagwa zinazo zimapitirira. Ngati uli pa Python 3.11 kapena kuposa ingogwiritsa TaskGroup (yoika ma task m'gulu limodzi) ndi asyncio.timeout, task imodzi ikagwa TaskGroup imapha zinzake yokha. Komabe kunena zoona ma task otumiza uthenga kapena ndalama ine sindiwaphanso pakati, request imakhala yapita kale ndipo sudziwa ngati yafika, ndimangowasiya amalize, uthenga uliwonse ndimaupatsa ID yake kuti retry ikabwera iuone kuti unapita kale.