Mbendera kapena chikwangwani: yankho kwa achimwene a ku Ulongwe

Achimwene, mwafunsa kuti pa zionetsero chabwino n'chiti, kunyamula mbendera kapena chikwangwani. Ine ndili ku chikwangwani, koma ndiyambe ndi mbendera chifukwa nayo ili ndi ntchito yake.

Mbendera ya dziko lathu la Mozambique, ija ya 1983 yokhala ndi khasu, buku, mfuti ndi nyenyezi, siyachipani chilichonse. Pa zionetsero zimene zinatsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, achinyamata ambiri ankaifunda ngati chitenje pofuna kunena kuti dzikoli ndi lawonso. Agogo amene sanapite kusukulu amaizindikira ali patali, pamene chikwangwani mpaka wina awawerengere. Mbendera ya chipani ndiye ayi, isiyeni kunyumba. Mukangoikweza, anzanu a chipani china amene akulira nanu mtengo wa feteleza amabwerera m'mbuyo, nkhani n'kusanduka ya zipani.

Vuto la mbendera n'lakuti siitchula chimene chakupwetekani. Kumbukirani anthu a ku Cateme, m'chigawo cha Tete, mu Januwale 2012, amene anasamutsidwira kumeneko chifukwa cha migodi ya malasha ku Moatize. Pamene anatseka njanji ya sitima, madandaulo awo anali odziwika: nyumba zong'aluka, minda yosabereka, malonjezo osakwaniritsidwa. Zinthu ngati zimenezo mbendera singazinene. Zimafuna katoni ndi utoto, kapena makala kumene ngati utoto palibe.

Ifenso kuno m'maboma a Angónia ndi Tsangano nkhani zathu n'zogwirika. Mbatatesi zikuwolera m'matumba chifukwa msewu wakumbika, ogula akutchula okha mtengo wa chimanga. Lembani zimenezo, mawu ochepa, zilembo zazikulu zoti munthu aziwerenga ali tsidya la msewu. Mbali imodzi Chichewa kuti amayi a pamsika amve, mbali inayo Chipwitikizi, poti akuluakulu a boma ku Tete ndi atolankhani ndicho amawerenga. Kutukwana kusakhalepo, chonde. Ndinaonapo mnyamata atalemba chipongwe, anthu tsiku lonse anangokamba za chipongwecho, za msewu osazitchula n'komwe, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Ndime 51 ya malamulo aakulu a dziko imatipatsa ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero. Komabe dziwitsani akuluakulu mwa kalata nthawi ilipo, kope lake musunge m'thumba. Chikwangwanicho musachikhomere pa mtengo wochindikala, apolisi angachiyese chibonga. Gwirani katoniyo ndi manja, mbendera ikhale paphewa.