Abambo anuwo aziyenda, koma osati tsiku la makina

Achemwali, mwafunsa ngati abambo anu angathe kulimbitsa thupi pomwe ali pa dialysis, makina otsuka magazi a munthu amene impso zake zalephera kugwira ntchito. Inde, angathe. Kungowasiya pamphasa tsiku lonse n'kumene kumawafooketsa. Aziyenda pansi basi. Ayambe ndi mphindi 10 pamalo opanda chitunda, aziwonjezera pang'onopang'ono mpaka 30, pa liwiro loti n'kumathabe kucheza ndi mnzawo osabanika.

Malume anga kuno ku Dedza timapita nawo ku dialysis kuchipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Tsiku la makina amabwerako ali olefuka, BP itatsika, ndiye timawasiya apume. Amayenda mawa lake, dzuwa likatentherako, paja chisanu cha kuno mukuchidziwa. Poyamba ankachita kugwira khoma podzuka pampando, pano kutchalitchi amapita okha, ndipo usiku amagona bwino.

Abambo anuwo, mkono womwe anawaika fistula uja (mtsempha womwe madokotala anaukonza kuti azilumikizapo makina) ausamale: asanyamulire ndowa, asalimire, asaugonere. Akatuluka thukuta asamwe madzi opitirira mlingo womwe anawauza kuchipatala. Musawapatsenso nthochi kapena tchipisi cha mbatata ya kachewere poti abwezeretse mphamvu, ngakhale kachewereyo ali paliponse kwathu kuno. Zakudya zimenezi zili ndi potaziyamu wambiri, impso zodwala zimalephera kumuchotsa, ndipo akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima.

Asanayambe, funsani dokotala kapena namwino wa ku dialysis, makamaka ngati ali ndi vuto la mtima kapena shuga. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, aime pomwepo, muthamangire nawo kuchipatala.