Mwana wanga wagomera wachinyamata woulutsa kandege: ndimulimbikitse?

Mayi wina wanditumizira imelo yaitali ndithu, ndiye ndiifupikitsa. Mwana wawo wamkazi wa zaka 15 wakhala akuonera mavidiyo a wachinyamata wina amene amaulutsa yekha kandege kakang'ono ka mtundu wa ultralight, ndipo pakhomo sipakumvekanso nkhani ina. Mayiwo akuti nawonso ataonera anachita chidwi, mpaka anayamba kumusirira mwana wa eniakeyo, koma kenako mtima unayamba kuwagunda. Funso lawo ndi ili: "Kodi mwana wotere ndi woti tizimugomera, kapena makolo ake akungoseweretsa moyo wake? Nanga wangayu ndimulimbikitse, kapena ndimuletse zisanafike patali?"

Zikomo mayi polemba. Mugomereni ndithu mwanayo, musachite nazo manyazi. Koma ine zaka zake sizindidabwitsa kwenikweni. Wachinyamata amagwira zinthu msanga, ndipo kuwongolera ndege kunja kuli bata si chinthu chovuta monga mmene ambiri amaganizira. Amene amandigometsa ine ndi mwana woti ndege ili pabwalo, mafuta adzaza m'thanki, anthu akudikira ndi makamera, koma iye n'kuyang'ana kumwamba n'kunena kuti lero sindinyamuka.

Tiyambe ndi kandegeko, chifukwa tindege totchedwa ultralight sitofanana tonse. Ku America kuli lamulo la mu 1982 lotchedwa Part 103. Limati kandege kotere kakhale ka mpando umodzi, kasafike makilogalamu 115 kakakhala kopanda munthu ndi mafuta, kanyamule mafuta osaposa malita 19, ndipo kasathamange kuposa makilomita pafupifupi 102 pa ola. Kakakwaniritsa zimenezi, munthu akhoza kukaulutsa popanda laisensi, osayezedwa kuchipatala, ndipo lamulolo silitchula n'komwe zaka zakubadwa. Zina mwa zimene limaletsa ndi kuuluka usiku komanso kudutsa pamwamba pa malo odzaza anthu. Tambiri mwa tindege timeneti ndi mapaipi a aluminiyamu, nsalu yolimba yokungidwa pamapiko, mpando ndi injini basi. Woyendetsa amakhala pamtetete, mphepo ikumuomba kumaso.

Ku Ulaya nkhani ndi ina. Kumeneko ultralight ikhoza kukhala ya mipando iwiri, imafuna laisensi, ndipo malire a kulemera kwake ponyamuka, kuphatikiza anthu ndi mafuta, amene kale anali makilogalamu 450, m'mayiko ambiri anakwezedwa kufika 600. Ina mwa ndege zoterezi ndi Shark, yopangidwa ku Slovakia. Ili ndi injini ya Rotax ya ku Austria, matayala ake amapindika n'kulowa m'mimba ikanyamuka, imatha kufika makilomita 300 pa ola, ndipo ili ndi parachuti yotsitsa ndege yonse pamodzi ndi munthu zinthu zikavuta. Choncho mukamaonera limodzi ndi mwana wanu, yambani mwaona kuti ndi kandege kati. Kuopsa kwake ndiponso maphunziro ake n'zosiyana.

Shark yomweyi ndi imene Zara Rutherford anakwera. Mtsikanayu, amene mayi ake ndi a ku Belgium ndipo bambo ake ndi a ku Britain, ananyamuka pabwalo la ndege la Kortrijk-Wevelgem pa 18 Ogasiti 2021 ali ndi zaka 19, n'kudzatera pomwepo pa 20 Januwale 2022 atazungulira dziko lonse yekhayekha. Anakhala mkazi wamng'ono kwambiri kuchita zimenezi. Iye asanatero, mbiriyo inali m'manja mwa Shaesta Waiz, amene anazungulira mu 2017 ali ndi zaka 30. Ulendo wa Zara unakonzedwa kuti utenge miyezi itatu, koma unatenga isanu, ndipo miyezi iwiri yowonjezerayo inathera pansi. Ku Nome, ku Alaska, anakhala pafupifupi mwezi wathunthu akudikira viza ya ku Russia komanso kuti nyengo isinthe. Atawolokera ku Russia anakatsekerezekanso pakamudzi ka Ayan, m'mphepete mwa nyanja ya Okhotsk, kwa masiku pafupifupi 40. Taganizani mayi: mwana wa zaka 19, kwawo kuli kutali, anthu ochuluka akumutsatira pa intaneti, makampani omuthandiza akudikira, iye m'mawa uliwonse kuwerenga malipoti a zanyengo n'kubwerera kukakhala pansi. Masiku otere sapezeka m'mavidiyo amene ana amaonera.

Kudikirako sikunali mantha wamba ayi. Ndege ngati ya Zara imauluka motsatira malamulo oti woyendetsa aziona kunja ndi maso ake. Aziona pansi, aziona pamene thambo lakumana ndi dziko, ndipo asalowe mumtambo. Munthu akalowa mumtambo, thupi lake lomwe limayamba kumunamiza. M'kati mwa khutu muli timachubu ta madzi timene timatiuza ngati tapendekeka kapena tikuzungulira. Ndege ikamakhota pang'onopang'ono kwa kanthawi, madziwo amakhazikika, ubongo n'kukhulupirira kuti ulendo ukupita molunjika. Woyendetsa akaiwongola ndegeyo amamva ngati wapendekera mbali inayo, ndiye amaibwezeranso pokhota paja. Ndege imatsika mozungulira, mwiniwake ali ndi chikhulupiriro chonse kuti zili bwino. Zimenezi zapha akuluakulu oti auluka zaka zambiri. Kumadera ozizira kulinso vuto lina: timadontho ta mumtambo timaundana pamapiko, kuwalemeretsa ndi kusokoneza kayendedwe ka mpweya pamwamba pake, ndipo kandege kotere kalibe zida zosungunulira madzi oundanawo.

Palinso mphepo. Mapiko a tindege topepukitsitsa tija ndi aakulu poyerekezera ndi kulemera kwake, moti kamphepo kamene ndege yaikulu singakamve n'komwe kamatha kukankha kandegeko ngati tsamba louma. N'chifukwa chake eni ake amakonda kuuluka m'mamawa kapena chakumadzulo. Masana dzuwa likaotcha nthaka, mpweya wotentha umakwera m'malo ena n'kumatsika m'malo ena, ulendo n'kukhala wa mabampu. Nthawi yoopsa kwambiri ndi ponyamuka ndi potera. Phiko limanyamula ndege pokhapokha mpweya ukamayenda mosalala pamwamba pake. Liwiro likachepa kwambiri, kapena mphuno ya ndege ikadzutsidwa mopitirira, mpweyawo umabalalika ndipo ndege imagwetsa mphuno. M'mwamba kwambiri zimenezi zimakonzeka, ndipo wophunzira aliyense amaziyeserera ali ndi mphunzitsi pambali. Pafupi ndi nthaka palibe mpata wokonzera. Ubwino ulipo nawo: tindegeti timatera pa liwiro lochepa komanso pamalo aafupi, ndipo injini ikazima kandege kamatsetsereka mumpweya mpaka pansi. Woyendetsa wophunzitsidwa bwino nthawi zonse amakhala akuyang'ana kuti injini itati izime pano, ndingatere pati.

Mchimwene wake wa Zara, Mack, anatsatira. Iye anapeza laisensi ali ndi zaka 15, ananyamuka ku Bulgaria pa 23 Malichi 2022 ali ndi zaka 16, n'kubwerera pa 24 Ogasiti atakwanitsa zaka 17 ali m'njira. Anakhala munthu wamng'ono kwambiri kuzungulira dziko yekha pandege, kuposa Travis Ludlow wa ku Britain, amene anazungulira dziko ali ndi zaka 18. Pochoka ku Japan anauluka maola pafupifupi 10 pamwamba pa nyanja ya Pacific, pa injini imodzi, n'kukagona pachilumba cha Attu chimene sipakhala munthu. Kunena zoona, gawo limeneli ine limandichititsa nthumanzi kuposa kundisangalatsa. Ndikanakhala kholo lake sindikudziwa ngati ndikanavomera. Koma kuti mnyamatayo anachita chinthu chachikulu, palibe angatsutse.

Tsopano mantha anu aja, mayi, ali ndi pogwira. Mu Epulo 1996, Jessica Dubroff, mwana wa zaka 7, ankayesa kukhala wamng'ono kwambiri kuuluka kuchokera mbali ina ya America kukafika mbali inayo. Ndegeyo sinali ultralight, inali ndege yaing'ono ya mtundu wa Cessna, ndipo anali ndi bambo ake komanso mphunzitsi. Pa 11 Epulo ananyamuka ku Cheyenne, m'chigawo cha Wyoming, mvula yamkuntho ikuyandikira. Ndegeyo inagwa itangonyamuka ndipo onse atatu anafa. Ofufuza za ngozi anapeza kuti mphunzitsiyo analakwitsa posankha kunyamuka nyengo ikuipiraipira, ndege italemera kupitirira muyezo, pabwalo limene lili pamtunda wa mamita oposa 1,800 pomwe mpweya ndi wopepuka ndipo injini ndi mapiko sizigwira ntchito mwamphamvu. Ananenanso kuti china chimene chinachititsa ndi kufunitsitsa kusunga ndondomeko ya ulendo yopanikiza, mwa zina chifukwa cha malonjezo kwa atolankhani. Chaka chomwecho dziko la America linakhazikitsa lamulo loletsa munthu wopanda laisensi kugwira chiwongolero paulendo wofuna kuswa mbiri. Mwanayo sanalakwe kanthu. Amene anasankha kunyamuka ndi akuluakulu, ndipo anali pachangu.

Apa ndi pamene ndimasiyanitsa. Wachinyamata wa zaka 16 kapena 19 amene walemba mayeso a zanyengo ndi malamulo, wayesedwa ndi woyesa, ndipo ali ndi mphamvu yokana kunyamuka, ameneyo ndi woyendetsa ndege. Mwana amene waikidwa pampando kuti akuluakulu atchukirepo ndi nkhani ina. Mukafuna kuweruza makolo a mwana wa m'mavidiyoyo, funsani kuti changu chili ndi ndani.

Chinanso chimene mwana wanu ayenera kuchimva, kuti asadzione wochepa, n'chakuti ana ngati Zara ndi Mack sanayambire pomwe iye akuyambira. Makolo awo onse awiri ndi oyendetsa ndege, ndipo bambo awo anaulutsapo mahelikopita a asilikali. Anawa anakulira m'ndege zing'onozing'ono. Maulendo awo analipiridwa ndi makampani, ndipo pansi panali gulu la anthu lothamanga ndi zilolezo zodutsira m'mlengalenga mwa mayiko, mafuta ndi malo ogona. Sindikuwachotsera ulemu, poti m'ndegemo anali okha. Ndikungoti mawu akuti "yekha" amabisa anthu ambiri.

Ndiye wanuyu mutani naye? Ine sindingamuletse. Mtsikana wa zaka 15 amene wapeza chinthu chomuchititsa kufuna kumvetsa masamu, sayansi ya mpweya ndi mitambo, ndi woti munyadire. Mupatseni zovutazo kaye muone ngati chidwi chikhalapobe: mabuku a ophunzira kuyendetsa ndege, kuwerenga mapu, kumasulira malipoti a zanyengo, ndi Chingerezi, chimene chimagwiritsidwa ntchito pawailesi ya ndege m'maulendo a pakati pa mayiko. Mapulogalamu a pakompyuta oyerekezera kuulutsa ndege amathandiza kudziwa zida za kutsogolo, ngakhale saphunzitsa mmene mphepo imamvekera m'thupi. Mpata ukapezeka, akwere kamodzi ndi mphunzitsi wovomerezeka m'ndege ya mipando iwiri. Zaka zololedwa zimasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani ku bungwe loona za ndege la dziko lanu. Mwachitsanzo, ku America munthu amaloledwa kuuluka yekha m'ndege ya injini ali ndi zaka 16 n'kutenga laisensi ali ndi 17, pomwe ndege yopanda injini, ija imachita kukokedwa kuti ikwere, amaloledwa kuiulutsa yekha ali ndi zaka 14. Ndege zopanda injinizi ndi poyambira pabwino kwambiri, chifukwa zimaphunzitsa munthu kuwerenga mpweya ndi kutera bwino ulendo woyamba womwewo, poti palibe injini yoti abwererenso m'mwamba.

Chimene ndingakanize kwamtuwagalu ndi kudziphunzitsa yekha. Kandege ka mpando umodzi kalibe malo a mphunzitsi, ndiye munthu akangogula n'kukwera, tsiku loyamba kuuluka ndi tsikunso loyamba kutera popanda womuthandiza. Lamulo kusafuna laisensi sindiye kuti mphepo imumvera chisoni.

Mavidiyowo pitirizani kuonera limodzi, koma muzimufunsa mafunso. Kodi woyendetsayo amayendera ndege yonse asanakwere, kuona mafuta, mapiko ndi zingwe? Kamera anaimangirira, kapena akuigwira m'manja potera? Amauluka motsika pamwamba pa anthu kuti chithunzi chikome? Njala ya anthu oonera imapusitsa ngakhale akuluakulu. Mu 2021 mwamuna wina ku California anadumpha ndi parachuti n'kusiya dala ndege yake kuti igwe n'cholinga chojambula vidiyo ya pa YouTube. Analandidwa laisensi, ndipo mu 2023 analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 6 chifukwa chobisa zotsalira za ndegeyo kwa ofufuza.

Ngati akulota zodzakhala woyendetsa ndege zonyamula anthu, kamuyezetseni maso msanga, makamaka ngati amasiyanitsa bwino mitundu, chifukwa ndi bwino kudziwa musanawonongepo ndalama. Magalasi paokha nthawi zambiri saletsa. Ndipo akadzatsika paulendo woyamba uja ali ndi nseru, nkhope itagwa, musafulumire kunena kuti nkhani yatha. Zimachitikira ophunzira ambiri, ndipo kwa ochuluka zimasiya thupi likazolowera.