Za modemu ija, malume

Malume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, mukufunsa modemu (kachipangizo kolumikizira kompyuta pa intaneti kudzera pa lamya) yosaboola m'thumba ya kompyuta yakale ija ya Windows 98, ndi chingwe chake. Ndiye ndalama isungeni kaye, muyambe mwaitembenuza kompyutayo muone kumbuyo. Mufufuze polumikizira pamene pali timano 9, pamwamba 5 pansi 4. Imeneyo ndiyo serial port, ena amati COM1. Musasokoneze ndi pa monitor paja, pamenepo ndi timabowo 15, mizere itatu.

Ikapezeka, gulani modemu yapanja, ija yokhala ngati kabokosi, ya timagetsi tophethira kutsogolo. US Robotics Sportster ndi yolimba, yogwirapo kale ntchito ili bwinobwino. Ya liwiro la 56k, yolembedwa V.90, zinayamba 1998 zimenezo. Koma mukapeza ya 33.6k pamtengo wotsika, tengani, chifukwa 56 yeniyeniyo siifika n'komwe, lamya ikakhala yabwino mumangoona 40 n'kanthu basi.

Timamodemu tija tolowetsa m'kati mwa kompyuta, ta Winmodem, ayi malume, tisiyeni. Timatchipa chifukwa ntchito yambiri timaisiyira kompyuta, ndiye popanda driver yake, pulogalamu yoiyendetsa, ndi chitsulo chabe. Ine ndinagulapo kena kopanda CD, Loweruka lonse ndili chogwada pansi ndi screwdriver, mapeto ake ndinakaponya mu katoni.

Eya, chingwe tsopano, apa ndi pamene anthu amagwa nayo. Kumbuyo kwa Sportster kuli timabowo 25. Ndiye chingwe chanu mbali ya modemu chikhale cha timano 25, mbali ya kompyuta cha timabowo 9. Pogula munene kuti modem cable, DB9 ku DB25. Wogulitsa akakupatsani cholembedwa null modem, mubwezereni. Kunja n'zofanana ngati mapasa, koma m'kati mwake mawaya otumiza ndi olandira anawapingasa, ntchito yake n'kulumikiza makompyuta awiri. Mukalumikiza, tsegulani pulogalamu ya mu Windows yotchedwa HyperTerminal, musankhe COM1, mulembe AT, mudinde Enter. Ikayankha kuti OK, ndiye kuti zikumvana. Ikangoti zii, muyambe mwakayikira chingwecho.

Chinanso, adaputala yake ya magetsi ibwere limodzi. Ya ku America ndi ya 120 volts, magetsi athu kuno ndi 230, mukangoibaya pa soketi mumva fungo. Komanso zambiri za US Robotics zimadya AC, ndiye tchaja wamba wa DC musayeserepo, werengani zolembedwa pa adaputalayo.

Koma malume, funso langa ndi ili: foni yapansi ija kunyumbako ikugwirabe? Chifukwa modemu imeneyi imachita kuimba nambala, ndiye pafunika lamya, komanso kampani yoti iyankhe mbali inayo. Ngakhale AOL, kampani ya intaneti ku America, inatseka intaneti yoimba nambalayi, ya dial-up, mu September 2025. Ngati cholinga n'kungochotsamo makalata anu akale aja, null modem yomwe ndakuletsaniyo ndiye ikhoza kuthandiza, osagula modemu n'komwe. Tandijambulireni kumbuyo kwakeko, mutumize pagulu pompano ndione.