Musagule korali kaye, achimwene a ku Luchenza

Kalata yafika pa imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Luchenza. Amaweta mbuna m'thanki ya malita 200, koma tsopano mtima wapita pa makorali omwe amawaona pa YouTube. Alamu awo ali ku Joni ndipo akuti atha kuwatumizira pa basi, pomwe mnzawo wina akuti bwanji angodutsa pa Muloza n'kukatola okha kugombe la ku Quelimane. Akufunsa kuti agule korali wamtundu wanji, komanso ngati mchere wa m'golosale ungathe.

Funsoli landikhudza, achimwene, chifukwa layambira kumapeto, ndipo makorali ambiri amafera pomwepo. Munthu amasankha wokongola pa foni, nalipira ndalama zankhaninkhani, ndipo pakatha sabata ziwiri m'thanki mwatsala chigoba choyera. Amati wogulitsa wamubera, chikhalirecho anapha koraliyo ndi madzi.

Korali si mwala ndiponso si chomera. Ndi tinyama tambirimbiri tokhala pamodzi, ndipo m'thupi mwa ambiri a iwo mumakhala ndere zazing'ono zotchedwa zooxanthellae, zomwe zimapanga chakudya ndi kuwala n'kumagawira koraliyo. Madzi akatentha kufika madigiri 30 kwa masiku angapo, kapena mchere ukasintha mwadzidzidzi, korali amatulutsa nderezo, amayera, kenako amafa ndi njala. Mbuna zanu zimapirira. Mutha kuiwala kusintha madzi mwezi wathunthu zikumadyabe. Korali anazolowera nyanja yomwe lero ndi mawa madzi ake amakhala chimodzimodzi, ndiye ntchito yanu yonse ndi kuletsa madzi kusinthasintha.

Za mchere wa m'golosale, iwalani. Umenewo ndi sodium chloride wothira ayodini basi. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi magnesium, calcium, potassium, sulphate ndi carbonate, ndipo calcium ndi carbonate ndi zomwe korali amamangira chigoba chake. Mukufunika mchere wopangira matanki a korali, monga wa Red Sea, Tropic Marin kapena Aquaforest. Pa lita imodzi pamalowa magalamu 35 mpaka 38, kutengera mtundu, kuti mufike pa 35 ppt (muyeso wa kuchuluka kwa mchere m'madzi), yomwe pa refractometer, kachipangizo koyezera mchere, imaoneka 1.026. Ndiye kuti kudzaza thanki yanu koyamba kudya makilogalamu pafupifupi 7 ndi theka, ndipo kusintha malita 20 sabata iliyonse kuzidya makilogalamu atatu pamwezi. Musanaganize za korali, dzifunseni kuti mchere umenewu uzichokera kuti mwezi ndi mwezi, chifukwa sumapezeka pa Luchenza kapena pa Chitakale. Sungunulani mcherewo m'bigiri la pulasitiki, muikemo kapampu, madziwo agone usiku wonse, muyeze, kenako muthire m'thanki. Osathira mchere wouma m'thanki muli zamoyo.

Madzi akauma ndi dzuwa mchere sutuluka nawo, umatsala. Choncho pobwezera madzi ouluka muzithira opanda mchere, tsiku lililonse, kufika pa kamzere komwe mwalemba pagalasi. Ambiri amabwezera amchere, ndipo pakutha mwezi thanki yafika pa 1.030.

Tsono nkhani ya madzi enieniwo. Ife a kuno timanyadira madzi athu, ndipo m'pake: amene anamwapo a pa Likhubula amadziwa. Koma madzi abwino kumwa si abwino kwa korali. A pampopi ali ndi kolorini. A mumtsinje wodutsa m'minda ya tiyi ndi ya chimanga amatenga fetereza, ndipo nitrate ndi phosphate wa m'feterezayo ndiye chakudya cha ndere zobiriwira zomwe zimakuta korali mpaka kumutsamwitsa. A mvula otsika padenga amatenga zinc wa malata. A pamjigo simudziwa zomwe atola pansi. Njira ndi imodzi, sefa ya RO/DI, yomwe imachotsa zonse zosungunuka m'madzi, ndi kamita ka TDS, koyeza zosungunukazo, kosonyeza 0 pa madzi otuluka. Sefayi imafuna madzi amphamvu, mabar atatu kapena anayi, ndiye ngati mpopi wanu umangodontha mugulenso pampu yokankhira. Pa lita imodzi yabwino imataya malita atatu kapena anayi. Amenewo thirirani ndiwo zamasamba kuseri.

Chinanso, ngati munathirapo mankhwala a nsomba okhala ndi kopa m'thanki ya mbunayo, ine ndingati gulani ina. Kopa, ngakhale wochepetsetsa, amapha korali, nkhono ndi nkhanu. Chimodzimodzi mipopi ndi zolumikizira za brass, chifukwa nazo zili ndi kopa: pa thanki yamchere pazikhala pulasitiki yokhayokha. Miyala ya m'phiri lathuli siyani kwa mbuna. Pano pakufunika miyala yopepuka, yazibowozibowo ya aragonite, pafupifupi kilogalamu imodzi pa malita 10 aliwonse, chifukwa m'zibowomo ndi momwe mumakhala mabakiteriya oyeretsa madzi.

Koma chomwe ndikufuna mumve kuposa zonsezi ndi magetsi. Anthu omwe mumawaona pa YouTube ali ku America ndi ku Ulaya, ndipo sakamba za kuzima kwa magetsi chifukwa kwawo sikuchitika kawirikawiri. Kuno ndiye nkhani yaikulu. Pampu ikaima, madzi amaima, mpweya wa okosijeni umayamba kutha m'maola ochepa, makamaka kukatentha. Nsomba zimayamba kufa, mitembo yake imakweza ammonia, poizoni wochokera ku zowola, makorali n'kutsatira. Tonse tikukumbukira namondwe Ana mu Januwale 2022, pamene siteshoni ya Kapichira inaonongeka dziko n'kukhala pa mdima wosinthana kwa miyezi yambiri, ndiponso namondwe Freddy mu Malichi 2023, yemwe anasakaza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Thanki yodalira waya wa mumsewu wokha sikanapulumuka. Ndinene mosabisa: amene alibe batire ndi sola asayambe n'komwe. Si nkhani yoti mudzagula m'tsogolo ndalama zikapezeka. Batire libwere korali asanabwere.

Masamu ake ndi awa. Batire la 12V la 100Ah limasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma ngati ndi la asidi mumagwiritsa theka lokha kuti lisafe msanga, ndiye 600. Kapampu kozunguza madzi ka mawati 15 kayenda usana ndi usiku wonse, invata itadyako gawo lake. Mukalumikizapo hita ya mawati 200, batire lomwelo latha m'maola atatu. Choncho magetsi akazima, choyamba ndi pampu, yolozetsa m'mwamba kuti pamwamba pa madzi pazigwedezeka. Nyale zitha kudikira, korali amapirira mdima masiku awiri kapena atatu. Kutentha musunge pokuta thanki ndi bulangete. Sunganinso kapampu ka mpweya koyendera mabatire a tochi, n'kotsika mtengo koma kamapulumutsa thanki. Mawaya onse azilendewera pansi kaye asanakwere ku soketi kuti dontho lisatsetserekeremo, pakuti madzi amchere amadutsitsa magetsi kwambiri.

Nyengo yathu ili ndi mbali ziwiri, ndipo zonse zimaluma. Madzi akuyenera kukhala pa madigiri 25 kapena 26 chaka chonse. M'Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika, nyumba imazizira ndithu. Ikani mahita awiri a mawati 100 m'malo mwa imodzi ya 200, chifukwa hita ikaonongeka nthawi zina imakanirira yoyaka, ndipo yaing'ono singaphike thanki msanga. Mu Okutobala ndi Novembala vuto limatembenuka. M'nyumba yamalata yopanda siling'i thanki imadutsa madigiri 29 masana. Fani yopemerera pamwamba pa madzi imatsitsa digiri imodzi kapena awiri, koma madzi amauluka kwambiri, ndiye kubwezera kumachuluka. Mabotolo a madzi oundana, otseka bwino, amathandiza tsiku lovuta. Thanki isakhale pawindo lolowa dzuwa.

Za ku Quelimane, ayi. Gombe limenelo ndi lamatope ndi mitengo ya m'madzi, pafupi ndi pomwe Zambezi amathira, ndipo matanthwe a korali odziwika ali kumpoto kutali, cha ku Pemba ndi zilumba za Quirimbas. Ngakhale akanakhala pafupi, kuswa korali m'nyanja n'kuononga malo omwe nsomba zimaswana, komwe asodzi a kumeneko amadyera. Ndi mlandunso. Makorali onse a chigoba cholimba ali pa mndandanda wa Appendix II wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zachilengedwe zomwe zingathe kutha, lomwe Malawi analowamo, ndipo sawoloka malire popanda chilolezo cha dziko lomwe akuchokera. Kuno za CITES zili m'manja mwa nthambi ya National Parks and Wildlife. Pitaninso ku Fisheries mukafunse za kulowetsa zamoyo za m'madzi musanalipire kalikonse. Gulani tizidutswa tomwe takulira m'matanki a anthu, totchedwa ma frag. Tinazolowera kale nyale ndi mchere wosungunula, ndipo timapirira kuposa tothyola m'nyanja.

Basi ya ku Joni nayo sindikuivomereza. Imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, tsiku ndi theka kapena masiku awiri, katundu ali kunsi kotentha, ndipo kutentha kwa ku Tete mumakudziwa. Ndege yotera pa Chileka ndi maola ochepa. Alamu anyamule m'bokosi la styrofoam, kachidutswa kalikonse m'thumba mwakemwake, mapepala ali m'manja.

Zonsezi zichitike thanki itakhwima. Ikani miyala, mchenga ndi madzi, thirani ammonia kufika 2 ppm (mamiligalamu awiri pa lita) kuti adyetse mabakiteriya, muziyeza. Ammonia atsika, nitrite akwera kenako atsika. Zonse ziwiri zikamabwerera pa 0 pasanathe maola 24, mabakiteriya akhazikika. Zimatenga sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi. Kenako miyala ichita ndere zofiirira, musadandaule, zimatha zokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha: korali woyamba alowe patatha miyezi iwiri kapena itatu.

Tsono mugule chiyani?

Ofewa, opanda chigoba. Mushroom wa mtundu wa Discosoma, leather monga Sarcophyton, green star polyps, ndi ma zoanthid. Tizidutswa titatu kapena tinayi tikwanira poyamba. Amafuna kuwala kochepa, PAR (muyeso wa mphamvu ya kuwala) ya 50 mpaka 150, kwa maola asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi, ndi pampu yozunguza madzi a thanki yonse kakhumi kapena kupitirira pa ola. Green star polyps ndi wofewa wina wotchedwa Xenia muwaike pa mwala wawowawo, amayanga mpaka kukwirira anzawo. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi zinthu zili bwino, yesani a chigoba monga Duncan kapena hammer, mutasiya masentimita 15 mbali zonse za hammer chifukwa amatambasula timanja tobaya anzake. Acropora, korali wa chigoba wovuta kusamala, musamukhudze chaka choyamba.

Pogula pemphani vidiyo ya kachidutswa komweko pansi pa nyale yoyera, chifukwa ya buluu imakometsa chilichonse. Korali akhale wotseguka, wopanda pong'ambika, popanda chigoba choonekera kapena zofiirira zoterera.

Akafika, yandamitsani thumba lotseka m'thanki mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane. Mutulutseni, mumuviike m'mankhwala monga Coral Rx kapena Revive kwa mphindi zomwe zalembedwa pabotolo, mukugwedeza pang'ono. Yang'anani pansi pa kambale komwe mwamuviikamo: muona tinyongolotsi tafulati ndi tinkhono topanda chigoba tikugwa. Mankhwalawa sapha mazira, ndiye suzumirani kunsi kwa kachidutswako ndi kupala ndi mswachi. Tsukani m'madzi ena amchere, madzi a m'thumba mutaye. Muikeni pansi penipeni, muzimukweza pang'onopang'ono kwa sabata ziwiri, ndipo mukapeza malo ake mumumate ndi supagulu wa jelo. Leather akatseka masiku angapo n'kuchita kakhungu konyezimira, sanafe, akufundula. Amatulutsanso mankhwala olimbana ndi anzake, choncho musunge activated carbon, makala oyamwa mankhwalawo, m'sefa.

Sabata iliyonse yezani: alkalinity (makamaka kuchuluka kwa carbonate m'madzi, muyeso wake ndi dKH) pa 8 mpaka 9 dKH, ndipo mu ppm: calcium 400 mpaka 450, magnesium 1,250 mpaka 1,350, nitrate 2 mpaka 10, phosphate 0.03 mpaka 0.1. Nitrate ndi phosphate asafike pa 0, korali amafuna pang'ono. Ndi makorali ofewa, kusintha malita 20 pa sabata kumabwezera zonse. Alkalinity ikatsika, soda wa m'paketi yemwe timathira mu therere amathandiza: magalamu atatu pa malita 100 amakweza 1 dKH. Msungunuleni m'madzi a RO, ndipo musakweze kupitirira theka la dKH patsiku. Baking powder si yemweyo, musathire.

Pa ma zoanthid, makamaka a mtundu wa Palythoa, samalani thupi lanu. Ena ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin yemwe amalowa pachilonda, m'maso kapena pokoka mpweya. Valani magolovesi ndi magalasi powagwira, musakweche miyala yawo ndi burashi panja pa madzi, ndipo musaiwiritse kapena kuithira madzi otentha, chifukwa nthunzi yake yagonekapo mabanja athunthu m'chipatala. Ngati pakhomo pali ana okonda kupisa manja m'thanki, ma zoanthid asiyeni, muyambe ndi mushroom ndi leather.