Maulendo a boti ku Zanzibar: musalipire zonse mukadali ku Lusaka

Funso: Ndife azimayi 8 a m'chilimba ku Chilenje, ndipo tasonkha ndalama zopitira ku Zanzibar mwezi wa Julaye. Munthu wina pa WhatsApp akuti adzatiyendetsa pa boti ku Prison Island, Nakupenda ndi Mnemba tsiku limodzi, koma tilipiretu zonse kuti atisungire malo. Ine ndine msungichuma. Nditumize?

Yankho: Amayi, musatumize. Ndalamazo si zanu nokha, ndipo zikalowa m'madzi ndinu amene mudzaimirire pamaso pa anzanu 7.

Choyamba chimene chikutikayikitsa ndi ulendo womwewo. Prison Island, chilumba cha afulu akuluakulu chimene eni ake amachitcha Changuu, chili pafupi ndi Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar, ulendo wa pafupifupi theka la ola pa boti. Nakupenda nayo ili kufupi komweko, choncho ziwirizi zimatheka tsiku limodzi. Koma Mnemba ili kumpoto chakum'mawa. Muyenera kuyamba mwayenda pa galimoto kupitirira ola limodzi, kenaka n'kukwera boti lina cha ku Matemwe. Ndiponso pachilumba cha Mnemba alendo wamba satsikapo. Mumangosambira m'mbali mwake n'kumaona nsomba ndi magalasi a m'madzi. Wolonjeza zitatuzi tsiku limodzi, mwina adzakuthamangitsani ngati mbuzi, mwina chimodzi chidzasowa popanda kukubwezerani kanthu.

Nakupenda si chilumba chenicheni. Ndi mulu wa mchenga woyera umene umamira madzi akadzaza, wopanda mtengo ngakhale umodzi, mthunzi wake ndi wa nsalu imene a boti amakhoma okha. Nthawi yodzaza madzi imasuntha tsiku lililonse ndi mphindi pafupifupi 50. Woyendetsa wodziwa ntchito amakuuzani ola lonyamukira atayang'ana za madzi a tsikulo. Mukachedwa, mudzalipira ulendo wa tsiku lonse n'kukhala pamchengapo kanthawi kochepa. Julaye ndi nyengonso ya mphepo ya kum'mwera yotchedwa kusi, ndipo masiku ena nyanja imawinduka mpaka maboti ang'onoang'ono osanyamuka. Ndiye funsani mosapita m'mbali: ulendo ukalephereka chifukwa cha mphepo, ndalama zibwerera kapena tisintha tsiku? Yankho likhale lolembedwa. Ikaninso ulendo wa boti kumayambiriro kwa tchuthi kuti mukhale ndi tsiku losinthira.

Tsopano za mtengo. Mtengo umene mwauzidwa kawirikawiri umakhala wa boti lokha. Pali ndalama yolowera kwa afulu ku Prison Island, msonkho wa malo otetezedwa a m'nyanja, galimoto yokutengani ku hotela, chakudya, madzi akumwa ndi magalasi osambirira. Lembani zonsezi papepala, wogulitsa aliyense anene zimene zili mkati ndi zimene mudzalipire panokha. Mukatero mudzaona kuti wotchipa uja nthawi zina ndiye wodula.

Kuchuluka kwanu ndi mphamvu. Tingofanizira: ngati boti la gulu likulipiritsa madola 30 munthu mmodzi, anthu 8 ndi madola 240. Wina akanena kuti boti lonse ndi madola 160, aliyense walipira 20, ndipo nthawi yobwerera mukunena ndinu. Funsani mitengo yonse iwiri kwa ogulitsa osachepera atatu mutafika, kuphatikizapo amene hotela yanu imagwira nawo ntchito, chifukwa amenewo zikavuta muli ndi pokadandaula. Mabotiwo ndi ambiri m'mphepete mwa Stone Town; kusungitsa malo dzulo lake kumakwanira. Chikole chikhale chochepa, cholembedwa pa lisiti yokhala ndi dzina la kampani, zotsalazo mulipire mutaliona botilo ndi maso anu. Muwerenge majekete oyandamitsa musanakwere. Akhale 8 kapena kuposa, a malamba omanga bwino, osati atatu ong'ambika opanikizidwa pansi pa mpando. Ambirife a ku Lusaka sitidziwa kusambira, ndipo apa sipofunika kuchita manyazi.

Pali ndalama ina imene magulu ambiri amaiwala mu bajeti. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, boma la Zanzibar linalamula kuti alendo ochokera kunja azigula inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation, ya madola 44 munthu wamkulu mmodzi. Pa mtengo umenewo, anthu 8 ndi madola 352. Onani mtengo wa panopa pa webusaiti yawo musanagawe ndalama za maulendo. Viza simuifuna ngati muli ndi pasipoti ya Zambia.

Kwacha musadalire kukasintha kumeneko. Gulani madola kuno ku bureau, atsopano ndi osang'ambika, popeza akale amakanidwa, ndipo mukafika musinthe ena kukhala mashilingi a Tanzania olipirira zinthu za tsiku ndi tsiku. Polipira ndi khadi funsani kaye ngati akuwonjezerapo kenakake. Ndalama za boti muziike mu envulopu yakeyake, ndipo lisiti iliyonse muijambule n'kuitumiza pa gulu lanu la WhatsApp tsiku lomwelo.