Kalata kaye asisi, utumiki pambuyo

Asisi, mwalemba kuti akuitanani pa ntchito ya uphunzitsi koma kalata yokulembani ntchito sanakupatseni. Mawu akuuzaniwo oti "kalata tidzakonza mukayamba, pajatu kuno ndi utumiki" ndi omwewo ndendende amene ndinauzidwa ine, mpaka ndikudabwa ngati si munthu mmodzimodzi. Nde mukuti ukwati wanu uli pafupi, ndipo wokuitananiyo ndi mkulu wathu wa ku koleji komwe kuja? Eee, ndalephera kungodutsa.

Amene anandiitana ine analinso patsogolo pathu ku koleji, munthu wa pemphero, amene ankatsogolera chapelo m'mawa ife tikadali ndi tulo m'maso, akalalikira anthu kulira. Atatsegula sekondale pamodzi ndi mpingo wawo anayamba kutiitana mmodzimmodzi, moti sitafu rumu yonse inali ya ife tokhatokha a koleji imodzi, m'mawa timayamba ndi nyimbo zomwe zija tinkaimba ku hostelo, kumangomva ngati uli kwanu. Salale imabwera mu envulopu, kenako anayamba kutumiza pa foni, ndi kapepala kolemba pamanja kosonyeza kuti adula 5 peresenti ya penshoni. Pa ukwati wanga mu 2018 ndi iwo analalikira, akazi awo ndi amene anatsogolera alangizi. Mu kanyuzi kaja ka alumni, ife amene tinaphunzira ku koleji kuja, anandiika chithunzi, eti "akutumikira Ambuye pophunzitsa Chingerezi", mayi anga anakasunga mu Baibulo.

Ndiye kunabwera 2020. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid ine ndili ndi pakati pa miyezi seveni. Mwezi woyamba anatipatsa theka, wachiwiri zii, ndipo apa sindikuwanena ayi, makolo sankalipira fizi, aphunzitsi a ma pulayiveti dziko lonse anavutika nthawi imeneyo, ena anayamba kugulitsa tomato ndi makala. Ndinachira mu Meyi, ndi opaleshoni. Akazi a dayirekita, bambo wondiitana uja, anabwera kunyumba ndi beseni, sopo ndi chitenje, anamunyamula mwana, kujambulitsa, madzulo omwewo chithunzi chili pa gulupu ya alumni, "banja lathu lakula, Mulungu ndi wabwino", ma ameni mbwee, ena mpaka kunditumizira ma yuniti.

Fomu 4 inatsegulira mu Seputembala, palibe anandiimbira, ndinkangoti mwina akundimvera chisoni ndi bala lija. Makalasi ena onse atatsegula mu Okutobala ndinadzuka m'mamawa, kusita diresi limene linali litasiya kundikwana, kubereka mwana chifukwa wantchito ndikanamulipira ndi chani, ulendo. Kufika pa geti mlonda amene tinkaseka naye tsiku lililonse akuyang'ana pansi, akuti "madamu, katundu wanu ali muno." Katoni ya sopo, mkati muli ma sikimu anga, mabuku anga, kapu yanga ya tiyi ndi nsapato zimene ndinkasiya pansi pa desiki. Ndinaseka poyamba, ndimaona ngati anapenta sitafu rumu nde anasuntha zinthu. Kulowa mkati, pa desiki yanga pakhala kamtsikana kongomaliza kumene ku koleji kwathu komweko, kanaimirira kundipatsa moni mwaulemu, "ndamva zambiri za inu asisi", sikankadziwa kanthu kosauka, anzanga onse maso pa makope ngati akuchonga mayeso a MANEB.

Anandiitanira ku ofesi. Asisi, bambo uja anayamba ndi pemphero. Pemphero lalitali, kuthokoza chifukwa cha mwana, kuthokoza chifukwa cha mphatso yanga yophunzitsa, ine ndatsinzina mwana akulira kumsana, mkaka ukutuluka mpaka kunyowetsa diresi kutsogolo konse. Atati ameni anandiyang'ana ndi nkhope yofatsa ija ndikuti bodi yapemphera ndipo yaona kuti nyengo ino Ambuye akundiitanira ku utumiki wa pakhomo, mwana akufunika mayi. Ndinati chabwino, ndipatseni kalata yondichotsa ntchito ndi ndalama zanga za miyezi yonseyi. Anamwetulira, nkuti "kodi mlongo, munalembedwa ndi kalata?" Mpaka lero ndikakumbukira funso limeneli m'mimba mumatentha. Ndinatuluka, ana a Fomu 3 amene ndinawaphunzitsa kuyambira Fomu 1 ali pa mawindo kukuwa "madamu abwera, madamu abwera", ine katoni pamutu, mwana kumbuyo, chitenje chomwe anandipatsa akazi awo chija ndi chomwe ndinaphimbira pachifuwa ponyowa paja. Pa siteji ndinakhala pansi kaye chifukwa bala linayamba kukoka, kondakitala wina ndi amene anandinyamulira katoni osandilipiritsa.

Za penshoni zija, nditapita kukafunsa ku kampani imene ankatchula, dzina langa kunalibe, dzina la sukulu kunalibe. Zaka zonse zija ankangodula basi, ndalama kupita kaya kuti.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chimene chinachitika pa gulupu ya alumni mwezi womwewo. Bambo uja anapatsidwa udokotala waulemu ndi kaya ka yunivesite kanji ka pa intaneti, chithunzi atavala mkanjo wofiira, nde anthu anzanga amene ankadziwa bwinobwino zimene zinandichitikira akulemba "Dokotala, ndinu chitsanzo chathu", "kunyadira kwa koleji yathu". Mxii. Nditalemba kamodzi kokha kuti pali aphunzitsi sanalipidwe, adimini anafufuta, kundiimbira pambali kuti gulupu ino ndi yolimbikitsana. Akulu ampingo anayamba kubwera kunyumba awiriawiri, atanyamula 1 Akorinto 6, eti m'bale satengera m'bale kukhoti kwa osakhulupirira, mudzaononga umboni, tikambirane ngati banja. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula Yakobo 5 ndime 4 pomwe akunena za malipiro a antchito obisidwa mwachinyengo, komatu tonse tinalemba mayeso a Chipangano Chatsopano mu holo imodzi. Misonkhano yawoyo inkangosunthidwa, lero abusa ali ku maliro, sabata yamawa msungichuma wadwala, ndipo ankadziwa chimene ankachita, chifukwa lamulo limati dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo ukalipereke kwa a leba pasanathe miyezi itatu. Pofika ku leba ine, mayi amene ndinamupeza anangogwira chibwano.

Mayi ameneyo ndi amene anandiphunzitsa zinthu zimene digiri yathu sinatiphunzitse. Employment Act ya 2000 imati bwana akupatse pepala lofotokoza ntchito yako ndi malipiro ako pasanathe mwezi umodzi chiyambireni, ndiye kusowa kwa kalata ndi mlandu wa iyeyo, si kuti iwe sunali pa ntchito. Mzimayi ali ndi masabata 8 a tchuthi cha uchembere pa malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kuchotsa munthu chifukwa cha pakati ndi mlandu. Penshoni ndi yokakamiza, bwana amaika 10 peresenti iwe 5, ndipo amene amayang'anira zimenezi ndi a Reserve Bank. Sukulu ya mpingo siili kunja kwa malamulo amenewa, olo dayirekita atakhala bishopu. Zikakanika ku leba nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pa ntchito. Ine zimene zinandithandiza ndi ma meseji a pa foni aja osonyeza salale ikulowa mwezi ndi mwezi komanso timapepala ta pamanja tija, dayirekita ataitanidwa anabwera atavala kolala, kuvomera kuti alipira pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono wakeyo anadutsa kugwa kwa kwacha kwa 2022, kudzadutsanso kwa Novembala 2023 kuja anaigwetsa ndi 44 peresenti, moti gawo lomaliza nditalandira ndinangogula thumba la ufa ndi yunifolomu ya mwana yemwe uja anali kumsana, basi zatha. Za penshoni mpaka pano akuti akufufuza.

Nchifukwa chake ine kanyuzi kaja ndikamawerenga pano ndimawerenga ndi diso lina. Uyu wadzozedwa ubusa, uyu wamaliza masitazi ku South Africa, awa adalitsidwa ndi mwana wachitatu, uyu wakwezedwa ku bungwe lakuti. Zabwino ndithu, sindikuchita nsanje. Koma mnzathu wina wa m'kalasi mwathu amene anamulemba kuti "watumizidwa kukatsegula mpingo kumudzi" ndimadziwa kuti amalandira ndowa ya chimanga ndi nkhuku, ana ake amabwezedwa fizi temu iliyonse. Wina mwamuna wake anali m'busa, atamwalira sipanatenge nthawi anauzidwa kuti atuluke m'nyumba ya mpingo mukubwera abusa atsopano, kanyuzi kanangolemba kuti "watsikira kuli chete msilikali wa Ambuye", za mayiyo ndi ana anayi palibe analemba. Ndipo amene zinthu sizinawayendere amangosowa pa gulupu mwakachetechete, ku reuniyoni sabwera, ife nkumati anabwerera m'mbuyo.

Nde inu asisi, ntchitoyo itengeni. Eya, ndikudziwa ndangokuopsezani, koma tinene zoona, ntchito kulibe, anzathu angati ali ndi madigiri akudikira boma liwalembe mpaka imvi zayamba? Ndipo sindiname, zaka ndinaphunzitsa kumene kuja ndi zimene ndinasangalala nazo kwambiri pa uphunzitsi wanga wonse, ana aja ena pano ali ku yunivesite amandiimbirabe. Ntchito ndili nayo panoyi anandipezeranso ndi mlongo wa ku koleji komweko, anangomva nkhani yanga nkundiimbira usiku kuti bweretsa ma pepala mawa, ndiye sindinganene kuti anthu athu onse ndi oipa, mwina wanuyo ndi munthu wa Mulungu weniweni, musayambe kumukayikira chifukwa cha ine. Koma choko musagwire musanaone kalata, ndipo ikhale yosainidwa, yokhala ndi chidindo, yolemba salale mu manambala. Akakuuzani kuti mulibe chikhulupiriro, muwayankhe mwaulemu kuti a bambo akunyumba ndi amene akufuna kuiona, pa chikhalidwe chathu zimenezo sakana. Salale izilowa ku banki kapena pa foni, envulopu ayi. Pakatha miyezi ingapo mufunse dzina la kampani ya penshoni ndi nambala yanu, mupite nokha mukaone ngati dzina lilipo, musatume munthu. Meseji iliyonse ya pa WhatsApp yokhudza ndalama muzijambula ndikutumiza kwa mchemwali wanu.

China, ukwati wanu asakulalikireni ndi iwowo, ndipo akazi awo asakhale alangizi anu. Pezani abusa ena. Munthu amene anakudalitsirani ukwati, amene akudziwa za kuchipinda kwanu, kudzamufunsa ndalama zanu kumavuta, lilime limalemera, ndipo iwo amadziwa zimenezo. Mukadzaima musafulumire kulengeza pa mapemphero a m'mawa, lembani kalata yopempha tchuthi nthawi yake ikakwana, musunge kope yanu atasaina. Zikadzavuta osadikira misonkhano ya akulu ampingo, pitani ku leba sabata yomweyo, ngakhale kunena zoona ine nditati ndibwerere m'mbuyo kaya ndikanapitako, zinandidyera anzanga ambiri, ena mpaka lero tikakumana mu shopu amakhotera ku mashelefu ena, ndipo amuna anga anasiya kupatsidwa mpata wolalikira kwa nthawi ndithu.

A adimini a gulupu ino chonde iyi yokha musafufute, sindinatchule dzina la munthu kapena sukulu. Asisi ngati mukufuna ndikuonetseni mmene kalata yabwino imaonekera bwerani ku inbox, ndikutumizirani yanga ya pano nditabisa salale kkkk.